Chitsime chimene chinandidyera mwana

Ine sindine munthu wa nthabwala, ndipo pa msinkhu wangawu bodza lingandipindulire chiyani? Izi zinachitika pakhomo panga ku Chezi, zipani zambiri zitangoyamba kumene. Andale anatilonjeza mjigo, tinavota, mjigo osabwera. Ndinati ine sindipempha madzi kwa munthu, ndikumba chitsime changa.

Ndinkakumba ndi mwana wanga wachisamba, bambo wa ana awiri. Titafika pakuya tinapeza thanthwe. Kumapiri kuno thanthwe sitilimbana nalo ndi piki, timasonkhapo moto wa zitsononkho ndi makala, likapsa n'kuthirapo madzi, limang'aluka lokha. Makolo athu ankatero, ifenso tinatero. Kutacha utsi unali utatha, ndipo mwanayo anati alowe achotse phulusa kuti tithire madzi mwala ukadali wotentha. Ndinamugwirira chingwe.

Atafika pansi anamasula chingwe m'chiuno, anadzaza ndowa, kenaka anakhala n'kutsamira khoma ngati munthu wokhuta. Ndinamukalipira kuti ulesi wauyamba liti. Anayang'ana kumwamba n'kunena kuti mutu ukumuwawa pang'ono, apume kaye. Sanakuwe, sanatsokomole.

Nditaona kuti wasiya kuyankha ndinaitana anansi, ndinadzimanga chingwe m'chiuno, iwo n'kunditsitsa. Apa ndi pamene pamandiopsa mpaka lero. Mwana wanga ali chigonere pamapazi anga, ine ndinalibe mantha ngakhale pang'ono. Thupi linangofewa, kunabwera tulo tokoma, mtima n'kumati ndikhale pansi kaye. Ndi bambo wanji amene amamva tulo mwana wake akufa? Anandikoka nditakomoka. Mwanayo anamutulutsa ndi ngowe atatisiya kale.

Kuchipatala cha mishoni adokotala anandiuza kuti m'khosi mwa munthu muli timinofu tiwiri tonga njere za mpunga, timene timalawa magazi. Mpweya wabwino ukachepa, timatseka tizipata tosaoneka ndi maso todutsira mchere wina wotchedwa potaziyamu, ndipo kutsekako ndiko kumalamula chifuwa kuti chipume mwamphamvu. Koma mpweya wa makala onyeka pansi pa phulusa, anatero, ulibe fungo, ndipo umasiya tizipatato tili chitsegukire, thupi osadziwa kuti likufa. Ndinawafunsa ngati mwanayo anamva ululu.

"Ayi bambo, anangogona."

Pamaliro ena ankanong'ona za ufiti, ena za chipani chimene tinavotera. Ine ndimakhulupirira zimene ananena adokotala, chifukwa tulo timeneto ndinatilawa ndekha. Chitsimecho ndinachikwirira. Mkazi wa mwana wangayo anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Malomo, pakhomo panangoti zii.

Inu okumba zitsime, mukawotcha thanthwe musakhulupirire maso anu, mphuno zanu, ngakhale chifuwa chanu. Mukaona mnzanu wakhala pansi m'dzenje akuti apume kaye, musamukalipire. Chingwe chisachoke m'chiuno mwake. Kokani chingwe.