Zaka Zinayi Ndikuphunzitsa Ana a Eni

Ndinachoka ku Lusaka chaka chimene malipiro anga ankatha mwezi usanafike pakati. Ndinkaphunzitsa sayansi ku pulayimale ku Kabwata, ndipo mnzanga atandiuza za ntchito pa sukulu yolipira ku Botswana, sindinazengereze. Mwana wanga Tisa, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndinamusiya kwa mkulu wanga ku Chelstone.

Ku Botswana anatiphunzitsa njira ina yophunzitsira. Mwana asamangoloweza kuti madzi amasanduka nthunzi. Apeke nthano ya kadontho ka madzi, aidule m'magawo, aike pa kompyuta motsatana: dzuwa likatentha kadontho kakwere, kukazizira kagwe. Kadonthoko kakakana kuyenda, mwanayo afufuze yekha pamene wasokoneza. Ana ankaikonda njirayi, inenso ndinaikonda. Koma ndikaweruka ndinkabwerera m'chipinda chopanda woyankhula naye, n'kumamvetsera kangapo uthenga umodzi womwewo wa pafoni wochokera kwa Tisa.

"Mami, mubwela liti?"

Poyamba ndinkati Disembala. Kenako anasiya kufunsa, ine n'kumangotumiza ndalama.

Patapita zaka zinayi kontirakiti inatha, thupi litatopa kale. Ndinatsika basi ku Lusaka ndi sutikesi yodzaza mabuku a njira ija, ndikudziuza kuti ngakhale zili choncho ndabweretsako kanthu kwathu.

Sabata yachiwiri ndinapita kukaona kalasi ya Tisa. Magetsi kunalibe, kompyuta ndiye osanena. Aphunzitsi ake, Ba Zulu, anali atajambula mabokosi pansi ndi choko. Mtsikana wina anali nyemba yobzalidwa, akuyenda m'mabokosimo, anzake akumuwerengera malamulo amene analemba pa makatoni. Atafika pa bokosi lachitatu anaima, manja m'chiuno.

"Simunanipase manzi. Nizamela bwanji?"

Kalasi yonse inaseka, kenako inayamba kukangana za pamene katoni ya madzi iyenera kulowa. Amene anaipezera malo anali Tisa. Sindinkadziwa kuti mwana wanga amayankhula mokweza choncho.

Mu minibasi pobwerera ndinamuuza kuti nanenso ndinkaphunzitsa zomwezo ku Botswana. Anandiyang'ana mwaulemu, ngati mmene amayang'anira alendo a mkulu wanga.

"Oho," anatero. "Ise tinayamba kudala, kalekale. Mailo tizachita ya mtima na magazi. Mungabwele, Ba Zulu amavomela makolo."

M'mawa mwake ndinapitadi. Ndinakhala kumbuyo pa kabenchi, chikwama pamiyendo, ndipo Tisa anachita kuwafotokozera anzake kuti ndine ndani.