Anawerenga anthu m'nyumba mwanga mokha

Ine mawu anga sanayambe achepapo. Ndili pa ntchito ya usilikali, ndikafuula pa bwalo la kwartele, kampu yathu ya asilikali, ngakhale ophika kukhitchini ankaima njo. Nditapuma pa ntchito anandisiya m'nyumba yomweyo ya asilikali kuno ku Lichinga, ya zipinda ziwiri, kumapeto kwa mzere. Nyumbayo si yanga, ndi ya boma. Zimenezi ndimazidziwa, koma ndinali nditaziiwala.

Chaka chatha kunabwera malata okonzera madenga athu. Tonse tinawaona akutsitsidwa pa lole. Mvula itayandikira malata aja sanaonekenso, koma enafe tinkadziwa kumene akuwala, pa nyumba ina yatsopano ku Chiuaula. Ndiye pa msonkhano wa ife okhala m'nyumbazi ndinaimirira, n'kumufunsa sarjento woyang'anira nyumba kuti kodi malata athu anadyedwa ndi chiswe? Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Sarjento sanaseke. Anangolemba kanthu m'kabuku kake.

Patangopita sabata, m'mawa kuli chifunga, anafika pakhomo ndi asilikali awiri.

"Madala, tabwera kudzawerenga anthu okhala muno."

"Werengani. Tasanduka nkhuku kodi?"

Tinalimo asanu. Ine, mkazi wanga, mpongozi wanga wa ku Meponda kunyanja, amene mwamuna wake, mwana wanga, anatisiya, ndi tiatsikana take tiwiri. Sarjento anamuloza mpongoziyo ndi cholembera.

"Lamulo limati nyumba ndi ya msilikali, mkazi wake ndi ana ake. Awa ndi ndani? Ndipotu inuyo munapuma kale, pomwe asilikali okwatira akusowa pokhala. Tionana mwezi ukatha."

Atachoka, mkazi wanga anandiyang'ana. "Mwaona, bambo? Pakamwa panupo. Anzanu onse malatawo anawaona, koma anakhala chete. Tilowera kuti ndi ana awa? Kwanu kumudzi mulibe ngakhale chitsa."

Ndinamukalipira, inde. Koma masana chakudya chinandikanika. Mpongozi anabwera n'kugwada chapatali, maso pansi, nati, "Baba, ine ndingobwerera kunyanja, mwina inu akusiyani." Mawu amenewo anandilasa kuposa a sarjento. Ine, ndithamangitse adzukulu anga, asiye sukulu, chifukwa cha sarjento, mwana amene ankavala matewera ine ndili kale ndi mfuti paphewa? Iyayi!

Mtima unkati vala yunifomu yako yakale, pita kwa komandante ukafuule. Koma usilikali uli ndi makwerero ake. Dandaulo la nyumba limayamba pa tebulo la woyang'anira nyumba, ndiye kuti kwa sarjento yemweyo. Ukamudumpha, wolakwa umakhala iwe, ndipo pamenepo ndiye wawapatsa chifukwa chenicheni chokutulutsira.

Ndinayamba ndayenda khomo ndi khomo mu mzere wathu, kufunsa kuti kodi kwanu anawerenga? Palibe. Woyandikana nane amasunga apongozi ake ndi mlamu, koma sarjento sanafikeko. Wina amene tinkamwera limodzi anandiyankhira pawindo, chitseko chotseka. "Madala, chonde musanditchule." Ndinabwerera kunyumba. Ndiye kuti ndi malata aja. Komanso maganizo ena ankati, nanga si nyumba yako ili kumapeto, mwina ayambira kwa iwe, enawa awafika mawa. Masiku atatu ndinakhala pakhonde kuyang'ana ngati alowe kwa wina. Sanalowe.

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Koma chimodzi ndinachiphunzira bwino: lamulo lenileni limayenda papepala, losayinidwa, lodindidwa ndi chidindo chija timati karimbo. Lapakamwa ndi mphepo. Tsono ndinasankha nthawi imene ofesi imadzaza anthu, ndinavala jekete, n'kupita. Ndinayankhula ndi sarjento motsitsa, kumutchula shefe, ndiye kuti bwana. Ndikukuuzani, kunyamula thumba la chimanga n'kopepuka kusiyana ndi zimenezo.

"Shefe, ndamva zimene munanena. Ine ndine msilikali, ndimvera. Mungondipatsa papepala, komandante asayine, adinde karimbo. Ndikawaonetse abale a mpongozi wanga, adziwe kuti si ine ndikumuthamangitsa."

"Madala, inuyo kuwerenga mumatha?"

"Karimbo wa komandante ndimamudziwa, shefe."

Mlembi amene anali pa kompyuta anasiya kulemba. Sarjento anatsegula kabuku kake, n'kukatsekanso.

"Mubwere Lachisanu."

Lachisanu anati komandante ali ku Maputo. Lachisanu linalo anati makina osindikizira alibe inki. Kunyumba ndinamuuza mpongozi kuti asamange katundu, apitirize kugulitsa usipa wake, ana azipita kusukulu. Ndinanena mokweza kuti a nyumba yoyandikana amve.

Tsiku lomaliza la mwezi ndinatulutsa mpando m'mamawa. Galimoto iliyonse ikamveka kuchipata, ndinkatembenukira komweko. Ina inaima pafupi penipeni, ndinaimirira, koma inali yobweretsa nkhuni kwa anzathu. Dzuwa linapendeka, palibe anabwera.

Mpaka lero pepalalo silinatuluke, ndipo palibenso amene wandiuza kuti nkhaniyo inatha. Ndimapitabe Lachisanu lililonse, kuopa kuti ndikaleka adzati pepala linalipo koma madala anakana kudzalitenga. Sarjento amangoti, "Sabata yamawa, madala," osadzutsa mutu. Tidakali m'nyumbamo tonse asanu.

Dzulo ndinamva kuti mkazi wanga ndi mpongozi anapita ku Sanjala kukaona kanyumba ka lendi, osandiuza. Atabwera nsapato zili mbuu ndi fumbi, anati anali kumsika. Sindinawafunse.