Mizere Yathu ya Pamsewu

"Aneba, ndifunseko. Madzi a padenga panupa, akatsika pansi, amakhala a ndani?"

Anandifunsa ndi amayi a kumunsi kwathu, ogulitsa zitumbuwa kudepoti, ataima pamalire a poloti yawo ndi yathu, khasu lili paphewa. Ine ndinali kuyanika matewera, mwana ali kumbuyo. Ndinati, "Madzi ndi a Mulungu, amayi."

"Eya. Ndiye mukakumana nawo Mulunguwo muwauze kuti madzi awo asamadzere kuchimbudzi kwanga. Dzulo ndakhala m'menemo ngati ndili m'bwato."

Tinaseka mpaka mwana anadzuka. Koma nkhani inali yoona. Kangalande kamene ndinakumba kuseri kwa nyumba yathu kamathera ndendende pakhomo pa chimbudzi chawo. Ndinawauza kuti madziwo si anga onse, ambiri ndimalandira kwa aneba a kumtunda, amayi ogulitsa kaunjika, amene denga lawo ndi lalikulu ngati la tchalitchi ndipo bwalo lawo anathira simenti. Tinapita tonse kukawafunsa funso lomwelo. Iwo anatiloza kumtunda kwawo. Tinakwera choncho, khomo ndi khomo, gulu likukula, mpaka tinakafika kunyumba yomaliza. Kumeneko mwini wake analoza kumwamba, basi mlandu unathera pomwepo.

Malo athuwa ndi mapoloti atsopano chakumtunda kwa Boma, poyang'anana ndi phiri la Michesi. Kale unali munda wa chimanga ndi nandolo. Ogulafe tinachokera kosiyanasiyana, wina kwa Mkhumba, wina kwa Kaduya ngati ine, koma chimene aliyense anayamba kuchita n'chimodzi: kusalaza mizere yakale ndi kuzula udzu wa vetiva umene unkagwira dothi. Pakhomo pa munthu sipamera udzu, anthu angakuyese waulesi. Tinapala, tinasesa mopikisana, mabwalo mpaka kuwala ngati dazi. Pamwamba pake tinakhoma malata. Msewu wapakati nawo unangotsika molunjika kutsata malire, osakhota ngakhale pang'ono. Ndiye madzi amene ankativutawa sanali osefukira a m'phiri aja amene akuluakulu kuno amawatchula motsitsa mawu. Anali a madenga athu omwe, ndipo tinkangopatsirana ngati chimfine.

Ine mtima wanga unali pa uvuni wa njerwa. Nyumba yathu ndi ya chipinda chimodzi. M'menemo timagona ine, bambo a mwana, mwana, matumba a chimanga, ndi njinga yawo ya kabaza imene pedulo yake yandisupula miyendo kosawerengeka. Mayi anga akabwera kudzaona mdzukulu amabwerera tsiku lomwelo, poti sangagone chipinda chimodzi ndi mkamwini wawo. Amafika atatopa, n'kumwa madzi, n'kumunyamula mwana pang'ono, kenako amayamba kuyang'ana dzuwa. Ndiye chilimwe chonse ndinaumba njerwa za chipinda chachiwiri, ndekha, chikombole m'manja, mwana akusewera ndi matope pambali. Dothi ndinakumba papoloti pomwepo, mpaka panatsala nkhuti yakuya mpaka m'chiuno. Njerwazo tinasanja uvuni m'mbali mwa nkhutiyo, monga amachitira aliyense, chifukwa palibe amene amafuna kunyamula njerwa mtunda wautali. Tinamata bwinobwino. Chimene chinatsala ndi moto basi. Nkhuni anatilonjeza alamu anga, koma ngolo inathyoka, ndipo pamene nkhunizo zimafika, mvula yoyamba inali itazinyowetsa kale. Tinafunditsa uvuni pepala lakuda la pulasitiki n'kumadikira kuti kuchite kang'amba.

Nzeru ya mizere inabadwira pamjigo. Amene anayamba sindikukumbukira, chifukwa tinkayankhula tonse nthawi imodzi. Tonsefe tinakulira kumunda, tikudziwa kuti madzi suwauza kuti aime, umawapingasira mzere. Ndipo poloti iliyonse inali ndi nkhuti yake, poti aliyense anaumba njerwa pake. Tinagwirizana kuti tiunde mizere yopingasa msewu, yopendekeka pang'ono, mzere uliwonse uzikhotetsera madzi m'nkhuti ya khomo limene wayandikana nalo. Aliyense amwe gawo lake, otsika kumunsi achepe.

"Ndipo madziwo tizichapira," anatero amayi a kaunjika.

"Ine ndidzala mpiru m'mbali," ndinatero ine, ndikudziona kale ndili mwini dimba.

Tinagwira ntchitoyo ngati chinkhoswe. Makasu, nyimbo, thobwa m'ndowa. Amayi a zitumbuwa ndiwo anali kapitawo wodziika yekha, akuyeza kupendekeka kwa mzere ndi diso limodzi, linalo atatsinzina. Mizere inatuluka yonenepa, yokongola, yoti ungadzalepo mbatata. Womaliza unali wa pakhomo pathu, wolowetsa madzi m'nkhuti yanga. Sindinade nkhawa. Ndinaona kuti pofika kwa ine madzi adzakhala atamwedwa kale ndi nkhuti zonse za kumtunda, ine n'kulandira okwana kuchapira matewera.

Amene sanasangalale ndi a kabaza. Bambo a mwana anafika madzulo akukankha njinga, nkhope ili gwa.

"Mwatiikira mahampu? Msewu ngati wa ku Limbe? Kasitomala wanga lero wadziluma lilime."

"Muzitsika n'kukankha, bambo."

"Ndikatsika ine, kasitomala atsikenso? Ndiye wakwera chiyani?"

Ndinawapatsa madzi osamba, nkhani inazizira. Ndinkayesa yatha.

Mvula yeniyeni inabwera Lamulungu masana, anthu titangoweruka kutchalitchi. Kunada mbali ya phiri, mphepo inanunkha dothi, kenako malata onse anayamba kulira pamodzi moti munthu sungamve mnzako. Koma palibe amene analowa m'nyumba. Tonse tinaima m'makonde, zovala za kutchalitchi zili m'thupi, kudikira kuona ntchito ya manja athu. Madzi anatsika m'madenga, anathamanga m'mabwalo osesedwa aja, anakumana mumsewu. Atafika pamzere woyamba anaima, n'kukhota, n'kuyamba kulowa m'nkhuti monga tinawauzira. Nthungululu! Amayi a kaunjika anavina pakhonde, nsapato zazitali zili kuphazi.

Kenako ndinaona chinthu chachilendo. Pakati penipeni pa mzerewo panatuluka kamadzi kowongoka ngati chingwe. Kanathamangira pamzere wachiwiri, n'kudutsanso pakati. Wachitatu chimodzimodzi. Kachingweko kanakula kukhala mkono, mkono kukhala ntchafu, ndipo mizere yathu inayamba kung'ambika pakati umodzi umodzi.

Ndinatembenuka kuyang'ana bambo a mwana. Iwo n'kuti akuyang'ana kudenga ngati akufuna podontha.

"Bambo."

"Ndinangodula pongodutsa tayala. Kampata ka chikhatho chimodzi. Madzi angaone kampata kameneko?"

Anali atadzuka m'mawa wina ndi khasu langa lomwe, n'kudula mzere uliwonse pakati, mipata yonse molunjikana bwino kuti njinga izingotsika osagwedeza kasitomala. Pamwamba anawazapo kadothi kuti tisaone. Mzere umodzi wokha ndi umene sanaukhudze, wa pakhomo pathu, chifukwa iwo amakhotera kunyumba asanaufike. Ndiye madzi a madenga onse, a msewu wonse, anatsika njira ya tayala, n'kupeza mzere umodzi wokhulupirika, ndipo mzerewo unagwira ntchito yake mosalakwitsa. Unawalowetsa onse m'nkhuti yanga.

Nkhuti inadzaza ndikuyang'ana. Madzi ofiira anakwera, anafika m'milomo, n'kuyamba kunyambita tsinde la uvuni.

Ndinakuwa. Mawu ake sindikuwadziwa, koma anthu anamva. Mwana ndinamusiya m'manja mwa agogo ena a khomo loyandikana nafe, ndinathamanga. Azimayi anatuluka m'makonde ndi makasu, ena ndi mabeseni kumutu. Amayi a kaunjika anang'amba belo limene linali lisanatsegulidwe n'kuyamba kuponyera anthu majekete. Wina anapeza chijasi chaubweya chofika kumapazi, wina jekete ya mwana imene inangolowa mkono umodzi. Amayi a zitumbuwa anavala chinthu chonyezimira chokhala ndi chipewa cha makutu a chimbalangondo.

"Tsekani mipata kumtunda!" anakuwa iwo. Koma dothi lililonse limene timaponya pampata limangopita ndi madzi. Ndiye anayang'ana mpatawo, anadziyang'ana okha, n'kukhalapo pansi. Phwatha! Madzi anaima kumsana kwawo, n'kukhotera m'nkhuti ya eni ake.

"Mwaona? Saizi yake ndi ineyo! Wina akhale pamzere winawo!"

Ndipo anthu anakhaladi. Azimayi akuluakulu, a mvano, a kwaya, aliyense pampata pake, msewu wonse kutsika, majekete a kaunjika ali m'thupi, mvula ikuwakwapula, akukuwizana.

"Asisi, kwanuko kukudontha! Simunadye kodi?"

"Bwerani mukhale inuyo, ine ndine wochepa!"

"Alamu! Alamu a kabaza! Bwerani mudutse tsopano, tikuoneni!"

Bambo a mwana anali m'nkhuti mpaka m'chiuno, akukapa madzi ndi ndowa, ntchito yofanana ndi kukapa mtsinje wa Phalombe ndi chikho. Ine ndinawakoka malaya kuti adule mzere wathu, madzi apitirire. Amayi a zitumbuwa anamva ali chikhalire pampata pawo.

"Mukadula umenewo apita kuchimbudzi kwanga!"

"Amayi, uvuni!"

Anayang'ana uvuniwo, madzi akuyenderera pa makutu a chimbalangondo aja. "Dulani cha kumsewu, osati cha kwa ine. Chikagwa chimbudzi muzindisunga kwanu!"

Bambo a mwana anadula cha kumsewu. Madzi anapeza njira, nkhuti inaleka kukwera. Koma tsinde la uvuni linali litamwa kale. Njerwa yosawotcha ndi dothi chabe limene lauzidwa kuti liime, likakumana ndi madzi limakumbukira kwawo. Ndinagwira ya pansi, chala chinalowa.

Ndiye tinayamba kupulumutsa za pamwamba. Ndinakwera pa uvuni, ndinakankhira pepala mbali imodzi, mphepo inalilanda n'kupita nalo. Otsala onse anapanga mzere kuchokera pa uvuni kukafika pakhonde la simenti la amayi a kaunjika, kupatsirana njerwa dzanja ndi dzanja. Wina anayambitsa nyimbo ya kumunda, tonse tinalandira. Njerwa zina zimafika zamphumphu. Zina zimachoka kwa ine zili njerwa, pakati pa mzere zili chigumu, pofika kumapeto munthu akungolandira phala m'manja n'kuliika pansi mwaulemu. Tinaphunzira kuzivindikira ndi mabeseni, ziwiriziwiri, ngati tikupereka chakudya kwa alendo. Ine ndikulira, ndikuseka, sindinkadziwa kuti ndi ziti, poti nkhope inali yonyowa kale.

Kenako ndinamva uvuni ukusuntha pansi pa mapazi anga. Sunagwe ndi phokoso ayi. Unangokhala pansi pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokhuta, mbali ya kunkhuti poyamba, ine ndili pamwamba pake, manja m'mwamba. Ndinatsetsereka nawo mpaka ndinakaima m'matope ofika m'mawondo, njerwa imodzi ili m'manja, yamphumphu. Anthu anaomba m'manja ngati ndachita dala.

Mvula itakata, azimayi a m'mipata anadzuka mmodzimmodzi, aliyense atasiya chidindo chake pamzere. Tinayenda kukaziona zidindozo, kukangana kuti chachikulu n'cha ndani. Chimbudzi cha amayi a zitumbuwa sichinalowe ngakhale dontho. Anakalowamo kukatsimikiza, anatuluka akuvina.

Bambo a mwana anakhala masiku angapo akuyenda mwakachetechete ngati mlendo. Ine ndinangowapatsa khasu. Anatseka mipata yonse ndi miyala, ndipo iwo ndi anzawo a kabaza anayala matabwa a makungwa pamwamba pa mzere uliwonse kuti tayala lizikwera bwino. Vetiva amene tinazula uja tinachita kukapempha kumidzi kwathu, n'kumudzala m'mbali mwa msewu ndi kuzungulira nkhuti, anthu akutiseka kuti a m'tauni abwera kudzapempha udzu. Mvula zotsatira nkhuti iliyonse inamwa gawo lake, yanga n'kufika theka basi.

Mayi anga anabwera mwezi womwewo. Anaima pa mulu wa matope, anayang'ana, anati, "Dothi silinapite patali, mwana wanga, lili pompano." Anamunyamula mdzukulu wawo, ndipo dzuwa litapendeka anakwera kabaza wa munthu wina kubwerera kwa Kaduya.

Njerwa ndinaumba zikwi zitatu. Zimene zinawotchedwa pambuyo pake ndi mazana asanu ndi atatu, zokwana maziko ndi mizere ingapo ya khoma. Zimene zinatayika ndi njerwa zikwi ziwiri ndi mazana awiri, pepala la pulasitiki, ndowa imodzi imene ili pansi pa nkhuti mpaka lero, majekete asanu ndi limodzi amene sanagulitsikenso, ndi chaka chimodzi cha chipinda cha mayi.