Minibasi Yomwe Sinafe

Ine ndimanyoza masewero achikondi a pa TV amene mkazi wanga amaonera. "Zachibwana izi," ndimatero monyinyirika, nditatsegula buku lomwe sindiwerenga n'komwe, diso limodzi lili pa TV pomwepo.

Tsiku lomwe sewero lina linkatha, apongozi anali atagonekedwa m'chipatala ku Salima. Mkazi wanga anaimba foni ali komweko.

"Bambo a Chisomo, mwakwera kale? Amayi akukufunsani."

"Minibasi yatifera panjira," ndinanama, ndili phee pampando kwathu ku Chipoka.

Pomwepo nyimbo ya sewerolo inayamba, ndipo iye anaimva bwinobwino. Kenako anati, "Okondana a m'sewerolo akakwatirana mundiuze. Mukatero mubweretse bulangete la amayi."

Anakwatiranadi. Chitsiru ine ndinalira, kenako ndinanyamula bulangete.