Msana wa Amayi Yakoba

M'mawa uliwonse, asanatuluke pa kakhomo ka honai yathu, kanyumba kozungulira kofolera ndi udzu, apongozi anga Amayi Yakoba ankakutumula noken yawo, thumba loluka ndi luzi lija, n'kukoleka chingwe chake pamphumi. Kenaka ankadzisisita pankhongo kuti amve ngati msana wonse waphimbika. Akatero ankandigwira inenso pankhongo ndi dzanja lawo la zala ziwiri ndi theka. Zala zinazo anawadula ali kamtsikana, pa maliro a abale awo, potsata mwambo wakale wa kuno.

"Kokera m'mwamba, iwe," ankatero. "Ukufuna mzukwa ukulowere pakhosi?"

Ndinakwatiwa pamudzipo ndili wamanyazi, ndipo manyaziwo sanathe. Iwonso sanali a nkhani zambiri. Nkhumba zawo ankazidziwa iliyonse ndi kaliridwe kake. Kutchalitchi ankapita, koma ankakhala kumbuyo kwenikweni, msana uli kukhoma.

Mwamuna wanga Obet amaperekeza alendo oyenda m'mapiri. Mwana wathu Welmina ali ndi miyezi inayi, Obet anabwera ndi azungu awiri kuchokera kutauni ya Wamena, mwamuna ndi mkazi, ndipo onyamula katundu anaperewera. Amayi anasenza mbatata. Ine ndinatenga mapoto m'manja, mwana ali m'noken kumsana, ina yofiira nditamuphimba nayo pamwamba.

Dzuwa lili pamutu tinafika pamwamba pa phiri, pamene mitengo imavala ndere, pamene anthu akale ankabayanapo ndi mikondo. Tikupuma, mzungu wamkazi uja anagwira noken yanga yofiira akumwetulira. Analibe mtima woipa. Sankadziwa basi.

"Yosina, vula yapamwambayo, aikonda, aigula," anatero Obet.

"Pano?" anafunsa Amayi. "Paphiri pano?"

"Amayi, zimenezo n'zakale. Mzukwa wake uti ungakwere phiri lonseli? Ungafe kachiwiri ndi phuma."

"Mutu wako uli ngati mbatata yofumbwa, kusalala kunja kokha."

Koma Obet anali atandivula kale. Ndikanakana, koma pamaso pa alendo ndinachita manyazi. Welmina anatsala poyera, kamutu kakuonekera m'mabowo a thumba lamkati. Amayi anandiuza pambuyo pake kuti mwanayo anatsegula maso, n'kuyang'ana kumitengo kumene kunalibe munthu. Kuseka kwake ndinakumva ndekha. Kanali koyamba kuti aseke.

Noken ya mbatata inkapitirira ndi Obet pa ulendowo. Amayi anavula yawo yapamsana, imene sindinawaonepo ataivula panja, n'kuphimba nayo mwana. Msana wawo unali wotuwa ngati mtengo wosendedwa khungwa. Anaulozetsa kumitengo kuja n'kunena mokweza, "Taona kuno. Kamwanako n'kamafupa okhaokha."

Potsika kubwerera kumudzi, ine ndi Amayi awiriwiri, anandiika patsogolo. Nkhungu inatipeza masanasana. M'matope ndinkamva mapazi anga, a Amayi, ndi ena ochedwa pang'ono, ngati a munthu wokoka mwendo. Ndikaima, Amayi ankaima. Enawo ankapondanso kamodzi.

"Usacheuke, make Welmina. Yenda."

Pa mlatho wa zingwe timaoloka mmodzimmodzi. Ndinaoloka, Amayi anaoloka. Kunalibe mphepo. Sindinacheuke, koma ndinamva zingwe zikulira kuyambira tsidya lija, pang'onopang'ono, mpaka tsidya lathu.

Kumudzi akazi anawabwereka ma noken atatu, ndipo anavala onse. Mnzawo Dorkas anawazungulira akuomba m'manja.

"Yakoba, wasanduka katundu! Tikunyamule tikakugulitse kumsika?"

"Angandigule ndani, iweyo unatsalira ulere?"

Anaseka onse. Koma Dorkas atachoka, Amayi anandiuza motsitsa mawu, "Andiphimba mochedwa, mwana wanga. Chili kale apa. Chikundipumira pankhongo."

Kuyambira tsikulo mbatata iliyonse ankainyema pakati, theka n'kuika pansi kumbuyo kwawo osayang'ana. Posesa sindinkalipeza. Ndinkadziuza kuti ndi agalu, ngakhale agalu anali atasiya kulowa m'nyumba yophikira. Mwana ankamulandira pamiyendo, koma sankalola kuti ndidutse naye kumbuyo kwawo.

Obet atabwerako anawatengera kuchipatala. Namwino anati n'chifuwa, anazizidwa paphiri. Mapiritsi anamwa onse mokhulupirika, n'kumaondabe. Obet anasiya nthabwala. Anawagulira jekete ku Wamena.

"Valani iyi, Amayi. Ili ndi zipi mpaka m'khosi."

"Unamva kuti mzukwa umaopa zipi?"

Anaivala kuti mwana wawo asalire.

Tsiku lina tikusenda mbatata Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Chinadzera mwana, osati ine. Ndangochinyengerera ndi chakudya. Ndikapita chidzakumbukira."

"Ndiye titani, Amayi?"

"Undilukire noken. Yaikulu, yokwana anthu awiri. Mabowo ake ang'onong'ono, oti ngakhale kachala ka Welmina kasalowe. Ndikanaluka ndekha, koma waziona zalazi."

Noken yabwino imatenga miyezi iwiri, ndipo Amayi analibe miyezi iwiri. Ndinasenda makungwa, kuyanika, kupota luzi pantchafu mpaka khungu linasupuka. Ndinasintha ntchafu. Munda unamera udzu. Nkhumba ankadyetsa Obet, amuna anzake akumufunsa ngati nayenso ayamba kuyamwitsa. Madzulo aliwonse Amayi ankapapasa zimene ndaluka ndi zala zawo zazifupi.

"Apa padutsa nkhumba. Masula."

Ndinkamasula ndikulira, ntchito ya tsiku lonse. Iwo anali atasiya kunyema mbatata, ankaika yonse kumbuyo. Welmina anayamba kukhala pansi yekha, ndipo ndikamukhazika ankatambasula timanja kwa agogo ake. Ndinkaganiza choncho, mpaka tsiku lina ndinayang'anitsitsa maso ake. Sanali pa nkhope yawo. Anali pamwamba pang'ono pa phewa lawo lamanzere.

Ndinamaliza Lachinayi m'mawa, kunja kukuwala bwinobwino. Amayi anapapasa mzere uliwonse, osapeza bowo. Anandiuza kuti ndikasiye mwana kwa Dorkas, ndipo ndinakamusiya. Nditabwerako ndinawapeza atadzikhwekhwereza okha kuchoka kukhoma, atakhala pakati pa nyumba, atavula jekete ndi ma noken atatu aja. Anandiuza chochita, ndinachita. Anamwalira dzuwa likupendeka.

Powanyamulira pa nkhuni zoti awatenthere monga mwa mwambo wa kuno, amuna anayi anadandaula. Munthu wa mafupa okhaokha, koma anawatula kawiri panjira kuti apume. Amalume ake a Obet anaona mfundo kumsana n'kuyamba kuzikanda kuti azimasule.

"Wamanga chonchi ndani? Noken yatsopano ngati iyi ipsere chabe? Tiivule, ipite kwa abale."

"Musaikhudze!"

Anthu onse anatembenuka kufunafuna amene wakuwa. Panali ena amene anali asanamvepo mawu anga. Amalume anatukula dzanja kuti andiloze, koma Obet anaima pakati pathu, maso ali ofiira.

"Mwamumva, amalume. Isiyeni."

Inapsa yomanga choncho.

Welmina tsopano ali ndi zaka zitatu, amathamangitsa ana a nkhumba pabwalo. Akaseka ndimayang'ana kumene akuyang'ana, ndipo nthawi zonse pamakhala munthu. M'mawa uliwonse ndimamugwira pankhongo. Amadandaula kuti dzanja langa likuzizira. Obet akuperekezabe alendo, koma ma noken amagulitsira pabwalo, paphiri ayi.

Dorkas anandifunsapo kuti Amayi ananena chiyani m'nyumba muja. Sindinathe kumuyankha pakamwa, ndiye ndalemba. Amayi anati:

"Usandiveke ngati masiku onse, Yosina. Ima patali kumbuyo kwanga. Uiponye motambasula, utikute tonse awiri, umange mfundo zitatu. Ndipo ukamva mawu akukuitana m'katimo, ngakhale akhale anga, usamasule."