Mano Oyera a Rylan

Anyamata a hoke, masewero omenya ndi ndodo pa ayezi, omwe ndasunga m'nyumba muno ndi ambiri, koma wobwera ndi mswachi wamagetsi ndi ulusi wotokosera m'mano anali mmodzi yekha, Rylan. Kuno ku Saskatchewan timu ya achinyamata ikatenga mwana wakutali imamusiya kwa ife a m'tauni kuti tizimudyetsa ndi kumukalipira m'malo mwa makolo ake. Ntchito yokalipayo ine ndimaitha. Enawo ankabwera ndi chikwama chonunkha ngati mbuzi yonyowa, uyu anabwera ndi mayi ake.

Mayi akewo, a Marlys, amatsuka mano a anthu pachipatala cha mano kwawoko. Jekete asanavule n'komwe, anamugwira mwanayo chibwano n'kumuyasamitsa pamaso panga ngati akugulitsa hatchi.

"Mayi Lesia, taonani. Onse alipo, oyera, opanda bowo. Mudzandibwezere chonchi."

"Ine ndimasunga ana, sindisunga mano," ndinawayankha. "Mukanamugulira piyano."

Amuna anga, a Orest, anaseka mpaka mano awo oikirira anagwedera. Awo enieni anawasiya pa ayezi kalekale, limodzilimodzi, ndipo lililonse amalikumbukira ndi dzina la tauni yomwe linagwera.

Koma kusewera mwanayo ankatha, pamenepo ndisaname. Chisanu chikayamba bambo ake ankathira madzi kuseri kwa nyumba kuti aundane, ndipo Rylan anadziwa kutsetsereka asanadziwe kumanga zingwe za nsapato zake. Ankasewera kutsogolo, mbali yakumanzere. Akatenga paki, kachimbale kalabala kolimba kaja, otseka kumbuyo ankangomva mphepo. Vuto linali limodzi. Ana amasewera nkhope yonse ili m'waya wa pachipewa chotetezera, koma ukakula wayayo amachotsa, umatsala ndi galasi lophimba maso okha, pakamwa pali pamtunda. Chichotsereni wayayo, Rylan sanapondenso pakhomo pa golo. Chonsecho mpomwe wakutsogolo amayenera kuima, kumutchinga goloboyi kuti asaone, anzako akuwombera paki molunjika iweyo. Iye ayi. Ankazungulira kunjakunja ngati mlendo wamanyazi, n'kumenya ali patali.

Anzake anamupatsa dzina loti Mkwati.

"Aise Mkwati, lero ulowa, kapena ukusungirabe zithunzi za ukwati?"

Iye ankangomwetulira, zomwe zinkawapsetsa mtima kwambiri chifukwa kumwetulirako kunali kokongoladi.

A Marlys sankaphonya masewero a pakhomo, kaya msewu watsekeka ndi chipale chofewa. Ankakhala pambali panga ndi khofi wakuda bii, wopanda kanthu, pomwe m'chikwama mwawo muli kabotolo ka mkaka. Ndinakaona kangapo akufufuza makiyi. Sankakatsegula, ankabwerera nako chomwecho. Ndinawauzapo a Orest kuti mayi uyu chisanu chinamulowa m'mutu. Paki ikangouluka m'mwamba, iwo maso tseke, chikwama kukumbatira pachifuwa.

Atakula, timu ya akuluakulu inamutenga kuti imuyese. Si ligi yapamwamba ija ayi, ndi yotsatira yake, yoyenda pa basi, komabe ndi ntchito yeniyeni ndipo okwera amakwerera pamenepo. Masewero anapita angapo, chigoli osaoneka. Kumeneko magoloboyi ndi zimphona, paki yochokera patali amaigwira akuyasamula. Tsiku lina foni inalira ndikukanda ufa wa maperogi, timitanda toika mbatata mkati. Anali Rylan.

"Anti, akochi akuti Loweruka ndikapanda kuima pakhomo pa golo, Lolemba ndilongedze."

"Ndiye kaime."

"Nanga amayi?"

"Amayi akowo ndi amene akumenya hoke? Ukufuna kubwerera kuno uzidzagulitsa matayala ndi mano akowo?"

"Anti, simukuwadziwa. Ndili mwana ankandiyasamitsa tsiku lililonse ndisanagone."

"Ndikuwadziwa bwino. Tikubwera tonse, ndiwagwira ine."

Ndinakwiya, komanso ndinamumvera chisoni. Mwana wamtali ngati chitseko, woti amamuwombetsa kukhoma n'kudzuka akuseka, kumataya ntchito chifukwa choopa nkhope ya mayi ake!

Tinayenda tsiku lathunthu pa galimoto yathu, ine, a Orest ndi a Marlys. Amuna angawo, m'malo motonthoza munthu, anasandutsa ulendowo ngati wokaona manda.

"Tauni iyi ndinasiyamo awiri akutsogolo, ndodo ya mnyamata wina wamanzere. Ikubwerayo ndiye lachibwano."

"Bambo, yang'anani msewu," ndinawatsina pantchafu. A Marlys kumbuyo anangokumbatira chikwama pamiyendo.

Masewero anali a masana, bwalo lodzaza. Zigawo ziwiri zoyamba Mkwati wathu anachita zake zomwe zija, kuzungulirazungulira, kufika pakhomo n'kutembenuka. Ine mawu anandithera n'kukuwa. Chigawo chomaliza zigoli zili zofanana, ndinaona akochi atawerama n'kumuuza kanthu kukhutu. Sindikudziwa zomwe ananena, koma mwanayo anadumpha mpanda, n'kulunjika pakhomo pa golo, n'kuima nji. Wotseka kumbuyo wa timu inayo anamudyetsa ndodo yamsana, kamodzi, kawiri. Osasuntha. Mnzake wa Rylan wakumbuyo anakweza ndodo m'mwamba n'kuwombera ndi mphamvu zake zonse. Paki inakhudza ndodo ya wina, n'kunyamuka, n'kumupeza Rylan pakamwa, phwa! Inagwera pansi, n'kukwawa pang'onopang'ono pakati pa miyendo ya goloboyi, mpaka mkati.

Nyali yofiira inayaka, lipenga kulira. Chigoli choyamba cha mwana wanga pa ntchito, chomwetsa ndi pakamwa!

Anagona kaye chafufumimba, magazi akudontha pa ayezi, kenako anadzuka anzake n'kumugwera pamwamba. Nkhope yake itaoneka pa kanema wamkulu wa padenga, anali akuseka, ndipo pakati penipeni pa mano panali zenera. A Orest anaimirira misozi ili chuchuchu.

"Wakula! Mwana wakula lero!"

Ndinatembenuka kuti ndiwagwire a Marlys asakomoke. Mpando mbee. Anali atatsika kale masitepe, kabotolo ka mkaka kali m'manja, akumenya galasi la m'mbali mwa bwalo n'kumakuwira anyamata opalasa ayezi ndi mafosholo.

"Dzino! Pezani dzino! Musaligwire kumuzu, bwerani nalo kuno!"

Mpamene ndinazindikira. Dzino likaguluka lonse, ukaliviika mu mkaka msanga, dokotala amatha kulibwezeretsa. Zaka zonsezo mayiyu ankadziwa kuti tsikuli lidzafika, ndipo ankabwera atalikonzekera.

Analifuna ndithu. A mafosholo anafufuza, oyimbira anagwada, ngakhale goloboyi womwetsedwa uja anasuzumira muukonde mwake. Dzino osaoneka. Ena akuti linapita ndi chipale cha pafosholo, a Orest akuti analimeza ndipo si woyamba.

Masewero atatha tinamudikira pakhonde la kuchipinda chovalira. Anatuluka mlomo utatupa, utasokedwa, m'manja muli paki ija. Anzake anali ataikulunga ndi tepi yoyera monga amachitira ndi chigoli choyamba cha munthu. Akochi anadutsa osaima n'komwe.

"Lolemba m'mawa pa ayezi, Mkwati. Usachedwe."

Ntchito inali yake. Koma mwanayo sanasekerere, chifukwa mayi ake anali ataima patsogolo pake, khofi wozizira dzanja ili, kabotolo dzanja ilo. Anaphimba pakamwa ndi chikhatho.

"Amayi, pepani."

"Chotsa dzanjalo."

Anandipatsa ine khofi uja, n'kumugwira chibwano monga anachitira tsiku loyamba m'khitchini mwanga. Anasuzumira m'mwamba, anasuzumira m'munsi, anagwedeza oyandikana ndi zeneralo ndi chala.

"Limodzi lokha? Ine ndimayesa akhala atatu."

"Simunakwiye?"

"Ndakwiya, inde! Unkadikira chiyani zaka zonsezi? Ine kumangotaya mkaka wosasa sabata ndi sabata, iwe ukuzungulira kunja ngati ntchentche!"

"Koma ndimayesa inuyo..."

"Ine ndinati uzitsuka mano. Ndinati uzithawa paki ine?"

Rylan anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana a Orest, pakamwa pali yasa, zenera lonse poyera. Kenako anawapatsa mayi ake paki ija, iwo n'kuiika m'chikwama, m'kathumba momwe munkakhala kabotolo. Anatenga khofi wawo m'manja mwanga n'kutsegula kabotolo kaja. Pothira mkakawo mu khofi, theka linathera pansapato za a Orest. Anamwa khofi yenseyo osapumira, maso ali jenjenje ndi misozi.

"Khofi wakuda," anatero akupukuta pakamwa, "sindinamukondepo ine."