Malo a Marcy Tackett

Wendell Stoltz anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zinayi pa yunivesite ya Ashby Falls, kummwera kwa Indiana, ku America. Ntchito yake inali yoyendera masukulu a sekondale kukopa ana kuti adzaphunzire kumeneko. Ankafika ndi tebulo lopinda, kuyala nsalu yobiriwira, kuikapo zolembera zaulere, n'kuima. Ana ankatola zolemberazo osawerenga n'komwe dzina la sukulu. Sanali munthu wa pakamwa. Chimene ankadziwa ndi magiredi. Akangoona zotsatira za mwana ankanena pomwepo ngati adzatengedwa, ndipo anali asanaphonyepo.

N'chifukwa chake makolo a m'tauniyo ankamukhulupirira. Mmodzi wa iwo anali Royce Tackett, makaniko, amene ankaimba naye besi m'kwaya ya kutchalitchi. Tsiku lina atamaliza kuphunzira nyimbo, Royce anamuonetsa magiredi a mwana wake Marcy, amene ankafuna za unamwino.

"Ameneyu walowa kale," anatero Wendell. "Asavutike n'kufunsira malo kwina."

"Mukunenetsa, achimwene? Amayi ake akuti alemberenso kwina."

"Nyimbo ndiye ndimaphonya. Izi ayi."

Marcy anafunsira ku Ashby Falls kokha.

Chimene Wendell sanachiganizire chinali mpira. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho, timu ya basiketibo ya yunivesiteyo, imene inazolowera kugonja, inali itapambana masewera atatu pampikisano wa dziko lonse, anthu akuonera pa TV. Iye anaona ndithu kuti patebulo lake payamba kukhala mzere, koma ankati ndi moto wa mapesi. Pofika Januwale wotsatira ofunsira malo anali atachuluka katatu, ena a ku Texas, ena a ku California. Malo a unamwino anali omwe aja, makumi asanu ndi limodzi. Akuluakulu anakweza magiredi olowera, ndipo manyuzipepala anayamba kuitchula Ashby Falls pamodzi ndi masukulu apamwamba. Aphunzitsi anali omwewo, mabuku omwewo.

Marcy sanatengedwe, ndipo masukulu ena ambiri anali atatseka kale kulandira mafomu.

Wendell anapita kukadandaula kwa bwana wake, Mayi Lindqvist.

"Ndiye ndichotse mwana wa ndani, a Stoltz?" anafunsa mayiyo. "Zisiyeni zimenezo. Lachisanu tikukupatsani mphoto. Palibe wabweretsa ofunsira ambiri kuposa inu."

"Si ine ndinawabweretsa. Ndi mnyamata wamtali uja wa basiketibo, wovala nambala 12."

"Ameneyo mphoto ali nazo zokwanira. Mudzavale tayi."

Anavaladi tayi, anthu anamuombera m'manja, iye akuyang'ana nsapato zake. Kukwaya anajomba milungu itatu ponena kuti ali ndi chifuwa. Masiku amenewo ankaimba foni sukulu ndi sukulu, mpaka anapeza koleji yaing'ono ya maphunziro a zaka ziwiri, ulendo wa ola limodzi, imene inali idakali ndi malo.

Loweruka masana anapita kugalaja kwa Royce ndi fomu m'manja. Anangoona miyendo yokha, mwiniwake ali kunsi kwa galimoto.

"Nsapato zimenezo ndazidziwa," anatero Royce. "Marcy! Tabwera ndi mpando, kwabwera mneneri."

"Ndinalakwa, Royce. Ndinalankhula ngati sukulu ndi yanga."

Royce sanatuluke. Sipanala yokha ndi imene inkamveka. Marcy anabwera wopanda mpando, n'kulandira fomuyo ndi dzanja limodzi. Anaiwerenga mpaka kumapeto.

"Amenewa timu yawo imasewera bwanji, Bambo Stoltz?"

"Alibe timu."

"Ndiye mwina anditenga. Tsiku lomaliza ndi liti?"

"Lolemba. Ndikhoza kukaisiya ndine."

"Ayi, zikomo. Ndikasiya ndekha."

Mtsikanayo analowa m'nyumba kukafuna cholembera. Wendell anatsala ali chiimire, osadziwa ngati atsanzike kapena adikire.

"Mwanditchinga kuwala, achimwene," anatero Royce kunsi kuja.

Wendell anasendera pambali.